Amoshitara ya Akazi Anga

Ine ndinaphunzira ku koleji mpaka pamene koleji inakhuta nane. Ndinapita ku Cuamba kukaphunzira zauphunzitsi, ndipo m'chaka chachiwiri aphunzitsi anga ndi ine tinagwirizana, popanda kukangana, kuti ana a dziko lino avutika kale mokwanira. Ndinabwerera ku Insaca ndi bulangete limodzi ndi Chipwitikizi chokwanira kulonjera wapolisi. Masiku ano ndimakonza mafoni pamsika. Ndikunena izi poyambirira kuti wina asaganize kuti digiri imene ndikusimba pano ndi yanga. Ndi ya akazi anga. Gawo langa linali kuchajisa mabatire ndi kuopa.

Akazi anga ali ndi eskolinya kuseri kwa nyumba yathu, kashedi ka makoma a bango ndi denga la malata, kumene ana osafika msinkhu wa sukulu amabwera m'mawa kudzaimba, kudzamenyana ndi kudzagona. Anatenga digiri yoyamba, kenaka yachiwiri, ndipo ine nditaganiza kuti matendawa atha, analembetsa yachitatu, ya udotolo wa maphunziro a ana aang'ono, ku yunivesite ina ya ku Brazil imene imaphunzitsa pa intaneti. Ndege sanakwerepo. Yunivesite yonseyo ndi mapulofesa ake inkakhala mu kompyuta pa tebulo lathu lodyera, ndipo mphaka akakwera patebulopo ankaponda anthu olemekezeka kwambiri.

Zimene ankafufuza ndinazimvetsa ngakhale ine. Ana athu kunyumba amalankhula Chinyanja, ena Chiyao, ena Chimakuwa, ndiye tsiku loyamba la sukulu amagunda Chipwitikizi ngati khoma. Akazi anga ankafuna kudziwa zimene ana amachita ndi zilankhulo zonsezi akakhala okha, akusewera masanje, wamkulu asakuwayang'ana. Anaitana makolo n'kuwafotokozera, makolo anavomera. Kuyambira pamenepo ankaika foni pa chitsa, pafupi ndi pamene ana akuphika dothi m'zitini, n'kumajambula mawu. Madzulo ankamvetsera ndi kulemba. Zaka zinapita choncho.

Ife tilibe mwana. Ndinena kamodzi kokha, chifukwa anthu a m'dera lathu anazinena mokwanira m'malo mwanga.

Tsopano mawu amene anatsala pang'ono kutiotcha. Pa kafukufuku, gulu la anthu amene wawasankha kuti uwaphunzire amalitcha amoshitara m'Chipwitikizi. Ana a pa eskolinya aja ndiwo anali amoshitara ya akazi anga. Koma mawu omwewo ali ndi nyumba ina. Ku chipatala chathu, namwino akakubaya chala kapena akakukoka magazi m'kabotolo, amati akutenga amoshitara. Mayi aliyense amene anapitako ndi mwana wa malungo amawadziwa mawuwo, ngakhale atakhala kuti sadziwa mawu ena alionse a Chipwitikizi.

Pakhomo pathu foni imagwira bwino kumpanda. Kumeneko ndi kumene akazi anga ankaima polankhula ndi pulofesa wawo wowayang'anira, mayi wa ku Brazil. Kuseri kwa mpandawo kumakhala amake mapasa, mayi wochokera kunyanja ya Chiuta amene amagulitsa matemba, ndipo mapasa awo, mnyamata ndi mtsikana, ankaphunzira kwathu. Tsiku lina akuyanika nsomba anamva akazi anga akunena mawu atatu amene iwo amawadziwa: amoshitara, ana, ndi kutumiza. Mwezi womwewo mtsikana uja anadwala malungo, anachira, koma sanadzuke bwino. Anayera m'maso ndi m'manja. Ku chipatala anati magazi achepa.

Ndayesa kuwakwiyira mayi amenewo, ndalephera. Ndikanakhala ine kuseri kwa mpanda, mwana wanga ali gone pamphasa, sindikudziwa kuti mawu atatuwo ndikanawalumikiza bwanji.

Chizindikiro choyamba ndinachiona pamsika. Ine nthabwala zanga ndimanena nkhope ili gwa, ndipo anthu anazolowera kudikira pang'ono kenaka n'kuseka. Sabata imeneyo ankadikira, osaseka. Mayi wina anabwera ndi foni yosweka galasi, ndinamuuza kuti wodwalayu tim'goneka, abale abwere ndi phala. Anailanda foni m'manja mwanga n'kuchoka osacheuka.

Ku eskolinya ana anayamba kuchepa. Mapasa ndiwo anayamba kusowa. Kenaka uyu akuti wapita kwa agogo ake, uyu chifuwa, uyu palibe chifukwa. M'mawa wina akazi anga anasesa, anandandalika timabenchi, anaimba belu lawo la chitsulo cha njinga, ndipo sikunabwere mwana ngakhale mmodzi. Ndinawapeza atakhala pa kabenchi ka ana, mawondo ali pachifuwa, akuyang'ana kugeti.

Amene anabwera ndi dzina la vutolo anali apongozi anga, amayi awo a akazi anga, amene timakhala nawo. Anachokera kumjigo ndi ndowa yosadzaza. Anaitula, n'kunena osatiyang'ana:

"Akuti mwana wanga ndi namapopa."

Amene sanakhale kuno akhoza kuseka. Mphekesera ya anamapopa imabwera n'kupita, n'kubweranso patapita zaka. Akuti pali anthu amene amapopa magazi a anzawo n'kugulitsa kwa azungu, ndipo amadziwika ndi zipangizo zachilendo ndiponso kulankhula ndi anthu akutali. Tonse tinamvapo za munthu wina kudera lina amene anam'peza ndi chikwama cha mawaya, ndipo sanam'patse mpata wofotokoza. Ndinayang'ana m'nyumba mwathu. Kompyuta, mawaya, zomvetsera za m'makutu, mulu wa mafoni anga akufa, ndi mkazi wopanda mwana amene amalankhula ndi azungu kumpanda. Ndikanakhala wapolisi ndikanadzimanga ndekha.

Ndinapita kwa malume wa mapasa. Ndi mnzanga wa pa bawo, amagulitsa gazolina m'mabotolo pamphambano, ndipo kwathu kuno za ana a mlongo wako mwini wake ndiwe.

"Achimwene, bawo lija mwalithawa?"

Sanadzutse mutu. Ankathira mafuta m'botolo.

"Mwana wa mlongo wanga akudwala, bambo."

Bambo. Munthu amene takhala tikuberana njere za bawo kwa zaka zambiri.

"Ndamva. Mwapita naye kuchipatala?"

"Anapita. Anam'tenga amoshitara, akuti magazi achepa. Ife tikufunsa kuti apita kuti, palibe akuyankha. Tsopano akuti tibwerenso akatenge ina. Aliyense akufuna amoshitara ya mwana ameneyu. Mlongo wanga wakana, ndipo ine ndam'vomereza."

Ndinayamba kufotokoza kuti mawuwo ali ndi matanthauzo awiri. Ndinafotokoza bwino kwambiri, mwina kuposa mayeso onse amene ndinalembapo. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Inu munafika ku koleji," anatero.

"Ndinasuzumirako."

"Ine ndinalekeza pakati pa sekondale, koma Chipwitikizi ndimamva. Mawu amodzi, matanthauzo awiri. Limodzi lanu, limodzi lathu." Anatseka botolo ndi chitsononkho. "Ndikuuzeni zoona. Mwanayo akangotisiya, anyamata sindidzatha kuwagwira. Mwinanso sindidzafuna."

Ndinabwerera kunyumba ndikukankha njinga.

Apongozi anga anathawa nkhondo kale, akazi anga ali khanda kumsana, n'kukakhala ku Malawi mpaka mtendere utabwera. Za nthawi imeneyo salankhula. Koma tsiku limenelo ndinapeza pafupi ndi chitseko pali kapulana, nsalu imene ena amati chitenje, yomanga mfundo: kapoto, mchere, machesi, singano, mapepala athu. Anamanga mwaluso, ngati munthu amene manja ake sanaiwale.

"Tiwoloke malire pa Entre Lagos, tipite ku Malawi," anatero. "Kwa achimwene anga malo alipo."

Ine ndinagwirizana nawo ndi mtima wonse. Kunali kutatsala masiku ochepa kuti ifike defeza, tsiku limene wophunzira amaima pamaso pa mapulofesa amene amawatcha juri n'kuteteza buku lake. Apongozi atamva mawu awiriwo anafunsa ngati mlandu unafika kale kubwalo. Ndinawauza kuti ayi, umenewo ndi mlandu wina, wodzisumira wekha. Kenaka ndinatembenukira kwa akazi anga n'kuyala mfundo zanga. Ubwino wa yunivesite imeneyi, ndinatero, ndi woti imalowa m'chikwama. Tikhoza kukaitsegulira ku Cuamba, ku Malawi, pansi pa mtengo uliwonse umene pali netiweki. Mapulofesawo sadzadziwa n'komwe.

"Ndikathawa ndiye kuti ndinapopadi," anayankha. "Shedi ija aiotcha ife kulibe, ndipo mwana uja sapitanso kuchipatala."

"Tikakhala aiotcha ife tilimo."

"Defeza ndi ya poyera, abambo. Lamulo lake limati aliyense akhoza kulowa n'kumvetsera. Ndiye alowe. Ndikaichitira mu eskolinya. Inu mukamasulira."

"Ine?"

"Muli ndi ntchito ina tsiku limenelo?"

Ndinalibe. Mafoni anali atasiya kubwera.

Anazungulira okha khomo ndi khomo kuitana makolo. Ena anawayankhira kuseri kwa chitseko. Ine m'masiku amenewo ndinkadzuka m'mawa n'kuyamba kutchera khutu kumpanda. Kukamveka kusesa, mtima unkakhala pansi. Kukakhala zii, ndinkaima pomwepo mpaka wina atatsokomola. Chimene ndinkaopa kumva chinali chimodzi, kulira kwa maliro. Sindinapemphererepo mwana wa munthu wina monga mmene ndinam'pempherera mtsikana ameneyo, ndipo pemphero langa silinali loyera kwenikweni, chifukwa linali ndi nyumba yanga m'kati.

Defeza inali masana, poti ku Brazil kumacha mochedwa. Ndinaika tebulo kutsogolo kwa shedi, ndinalumikiza kompyuta ku sipika yaikulu ya munthu wina woimba m'maukwati amene anaibweretsa kudzakonzetsa n'kuopa kudzaitenga. Njinga ndinaiimika kuseri kwa chimbudzi, yoloza kumsewu wa kumalire. Akazi anga anavala kapulana yatsopano. Asanakhale pansi anandikokera pambali.

"Mumasulire zonse. Osakometsa."

"Ine ndinakometsapo chiyani?"

"Osakometsa, abambo."

Anthu anabwera, ambiri kuposa amene anaitanidwa. Amayi anakhala pa timabenchi ta ana awo. Abambo sanalowe, anaima panja mozungulira makoma a bango, kotero kuti kuwala kumene kumadutsa m'mipata kunatsekeka. Ena anali ndi makasu, koma inali nyengo yolima, ndiye sindinganene kanthu. Amake mapasa anafika mochedwa atabereka mtsikana uja. Ndi mwana wamkulu woti sangaberekedwe, miyendo inkalendewera mpaka m'mawondo mwa amake, mutu uli khoba paphewa. Anakhala kutsogolo kwenikweni. Pomaliza panamveka njinga yamoto. Malume uja anaiimika pafupi ndi khoma, kumbuyo kwake kuli kreti ya mabotolo a gazolina. Kreti imeneyo amayenda nayo kulikonse, ngakhale kumaliro. Ndinadziuza zimenezo kangapo.

Pa kompyuta panatuluka nkhope zing'onozing'ono, iliyonse m'kabokosi kake. Mmodzi mwa mapulofesawo anali wakuda kuposa ine, koma kwathu aliyense wokhala mu kompyuta ndi mzungu. Akazi anga anayamba kulankhula. Mawu awo sananjenjemere. Ankanena pang'ono n'kuima, ine n'kumasulira. Ananena za ana amene amayamba chiganizo m'Chiyao n'kuchimaliza m'Chinyanja, za mwana amene amakhala chete m'kalasi koma pa masanje ndiye woweruza milandu. Atafika pa mawu aja sanawazembe. Anawatchula momveka, ine ndinati "gulu la ana amene anawamvetsera", ndipo ndinamva timabenchi tikulira anthu akusuntha.

Kenaka inafika nthawi ya mafunso. Woyamba anali mkulu wina wa ndevu zoyera, wa nkhope yachifundo, munthu woti akhoza kukupatsa malo m'chapa, minibasi ya kwathu kuno. Anavula magalasi, anamwetulira, ndipo sipika ya ukwati ija inanyamula mawu ake mpaka kumsewu.

"Ntchito yabwino," anatero m'Chipwitikizi. "Koma amoshitara yanu yandichepera. Ana awa ndi ochepa. Bwanji simunapite m'midzi ya kunyanja kukatenga ena? Ndikanakonda mukanatitumizira zambiri."

Ndinamva liwu lililonse. Chipwitikizi changa sichinandithandizepo pa mayeso, koma tsiku limenelo chinagwira ntchito bwinobwino. Anthu onse anandiyang'ana. 

"Akuluwa akuthokoza makolo," ndinatero. "Ndiponso akufunsa za mvula."

Kenaka malume uja analankhula ali pakhomo, osakweza mawu.

"Za mvula sananene. Wanena kuti amoshitara yachepa. Wanena kuti apite kunyanja akatenge ana ena, awatumizire zambiri. Bodza kapena zoona, bambo?"

"Zoona."

Phokoso limene linatsatira silinali lalikulu, n'chifukwa chake ndimalikumbukirabe. Kabenchi kanagwa. Mayi wina kumbuyo anayamba kubuula chapansipansi. Bango linaphwanyika penapake munthu ataliyedzamira. Ndipo ndinamva fungo la gazolina. Mwina mphepo inangotembenuka. Ndinaona apongozi anga pakona, kapulana yomanga ija ili pamiyendo, maso atatsinzina. Ndinaganiza za njinga kuseri kwa chimbudzi, ndipo ndinazindikira kuti pakati pa ine ndi njingayo pali amuna a dera lonse, komanso kuti njinga imodzi sinyamula anthu atatu.

Akazi anga anandiyang'ana kamodzi. Za kuyang'ana kumeneko sindilemba. Kenaka anapepesa kwa juri, anagwira kompyuta ndi manja awiri n'kuitembenuza kuti iyang'ane anthu. Ndinaona nkhope za m'timabokosi zikusintha. Iwo ankaganiza kuti akulankhula ndi mayi mmodzi m'chipinda.

"Pulofesa akufunsa za amoshitara," anatero akazi anga m'Chinyanja. "Ndi iyi. Imene ndinatumiza ndi iyi."

Anadina batani.

Poyamba kunamveka zitini, nkhuku, mwana wina akulirira supuni. Kenaka mawu a kamtsikana, akuthwa, odzikhulupirira:

"Matemba, matemba, vinti vinti. Iwe, usagwire ngati sugula. Manja akowo wasamba?"

Amayi angapo anacheukira kwa amake mapasa, chifukwa ndi mmene iwo amalankhulira pamsika, mpaka kakokedwe ka mawu. Kamtsikanako kanapitiriza m'Chiyao, kakukalipira mwamuna wake wa pa masanje chifukwa chobwera kunyanja chimanjamanja. Kenaka kanasintha, kanakulitsa mawu ngati bambo:

"Gazolina wanga ndi woyera, achimwene. Wothira madzi ndi uja wa patsidya. Ine ndimangothira pang'ono."

Panja, mnyamata wina wa njinga zonyamula anthu anati, "Ndinkadziwa ine." Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Sikunali kuseka kwa anthu onse, koma kunalowa ngati mphepo m'nyumba ya utsi.

Mwana uja anadzutsa mutu paphewa la amake. Anayang'ana sipika, maso ali oyera.

"Ndine ameneyo," anatero, mawu osamveka bwino. "Ndinali amalume."

Akazi anga anagwada pamaso pa amake mapasa, kapulana yatsopano ili m'fumbi.

"Amayi, zimene ndinatenga kwa mwana wanu ndi zimenezi. Mawu. Ndinakupemphani, munavomera, koma sindinakuitaneni kuti mudzamve, ndipo ndinayenera kutero kale. Anthu awa akati amoshitara akunena ana amene ndinawamvetsera. Magazi sadutsa mu foni. Amuna angawa amatsegula mafoni tsiku ndi tsiku, afunseni."

Ndinachitira umboni kuti m'mafoni ndinapezamo nyerere, mchenga, ndipo kamodzi msuzi wa nyemba, koma magazi ayi. Palibe anaseka.  Amake mapasa anangokweza dzanja n'kugwira phazi la mwana wawo.

Sikuti onse anakhutira. Amuna ena anachoka akung'ung'udza, ndipo mmodzi ananena momveka kuti mawu a munthu nawonso satengedwa chabe. Koma kuwala kunayamba kulowanso m'mipata ya bango. Akazi anga anabweza kompyuta, anafotokozera juri mwachidule zimene zinali kuchitika, kenaka anandiuza kuti ndimasulirenso funso lija, bwinobwino. Ndinatero. Ndinati akuluwa akudandaula kuti ana amene anawamvetsera ndi ochepa.

"Ochepa?" anatero mayi wina wachikulire. "Auzeni abwere adzawadyetse phala tsiku limodzi lokha."

Akazi anga anamasulira zimenezo m'Chipwitikizi liwu ndi liwu, kenaka anawonjezera yankho lawo la m'buku, loti ana ochepa owamvetsera kwa zaka amakuuza zimene ana ambiri owaona tsiku limodzi sangakuuze. Mkulu wa ndevu uja anapukuta magalasi kwa nthawi yaitali. Mawu aja sanawatchulenso, ndipo anzake onse anawazemba mpaka mafunso anatha.

Pamapeto a defeza, juri imadzitsekera payokha kukakambirana, wophunzira n'kumadikira. Timabokosi tinazima. Ndinaganiza kuti akazi anga akhala pansi apume. M'malo mwake anapita kwa mwana uja, anam'tsegula chikope ndi chala, anayang'ana m'manja mwake.

"Amayi, tiyeni naye kuchipatala. Lero."

"Akatenganso amoshitara."

"Akatenga. Imeneyo ndi ya magazi ndithu, sindikunamizani. Kadontho. Ndikaima pomwepo, inu mukuona."

Amake mapasa anayang'ana mchimwene wawo. Iye anaima pakhomo kanthawi, kenaka anapita pa njinga yake, anasolola botolo limodzi mu kreti, anazula chitsononkho ndi mano.  Anatsegula thanki n'kuthiramo. Kreti anaitsitsa n'kuisiya pansi, pafupi ndi khoma lathu, kuti anthu akwane. Anakwera onse, mwana ali pakati, akazi anga kumbuyo kwenikweni.

"Juri ikabwera?" ndinafunsa.

"Muwachereze."

Ndiye ndi mmene zinachitikira kuti ine, munthu amene koleji inam'bweza ndi ulemu wonse, ndinakhala pampando pamaso pa mapulofesa a yunivesite ya ku Brazil. Timabokosi titayaka anapeza nkhope yanga. Ndinawalonjera monga mmene ndimalonjerera wapolisi. Ndinafotokoza kuti wophunzira wapita ndi mwana kuchipatala. Anayang'anana, ngati anthu a m'timabokosi angayang'anane, ndipo mayi wowayang'anira uja anati adikira. Tinadikira. Mkulu wa ndevu anandifunsa ngati nanenso ndimaphunzira. Ndinamuuza kuti ine ndinamaliza msanga. Nthawi yonseyo diso langa limodzi linali pa kreti ija, imene inali padzuwa, pafupi ndi bango, ndi anyamata angapo amene anali asanachoke.

Akazi anga anabwera wapansi, thukuta lili thoo, fumbi mpaka m'mawondo. Anakhala pampando, juri inawerenga chigamulo, ndipo anakhoza. Anthu anali atapita kale. Amene tinaomba m'manja tinali ine, mayi wachikulire wa phala uja, ndi mapulofesa, amene kuomba kwawo kunkafika mochedwa. Apongozi anafunsa ngati mlandu watha. Ndinati umodzi.

Unali umodzi ndithu. Achipatala anam'tumiza mwana uja ku Cuamba tsiku lomwelo kuti akam'patse magazi, ndipo kwa masiku angapo kuseri kwa mpanda kunalibe munthu. Kunalibe kusesa, kunalibe kutsokomola, kunalibe choti n'kutcherako khutu. Pamsika anthu ankandilonjera ndi theka la moni, lina atalisunga. Ndinkadziwa, ndipo akazi anga ankadziwa ngakhale sitinakambirane, kuti mawu a mu sipika aja anatigulira masiku okha. Mwanayo akanabwera m'bokosi, anthu akanakumbukira kuti anamva mzungu ndi makutu awo akupempha ana ena, ndiponso kuti womasulira ananama. Dotolo watsopano wa maphunziro a ana ankagona atavala nsapato. Ine ndinkati ndikuwaseka, koma zanga zinali kumiyendo.

Anabwera masana ena pa chapa. Ndinali pamsika, ndinaona amake akutsika, kenaka kamtsikana kakutsika kokha, koonda, kakudya chimanga chootcha ndi kukana kugawira mlongo wake. Ndinalowa kuseri kwa sitolo n'kukhala pansi.

Ana anabwerera ku eskolinya pang'onopang'ono, osati onse. Mabanja ena mpaka lero amatidutsa. Masiku ano akazi anga akajambula mawu amaitana makolo Loweruka kuti adzamve, ndipo amabwera ambiri, makamaka kudzamva mmene ana a anzawo akuululira za m'nyumba. Kumpanda salankhulirakonso. Kapulana yomanga ija apongozi anaichotsa pakhomo n'kuiika pansi pa bedi lawo, osamasula. Mchere ukatha m'nyumba amatapako, kenaka amabwezeramo wina.

Malume wa mapasa anabwera patapita nthawi ndi foni yosamveka mawu. Anaiika patebulo langa.

"Achimwene, wodwala uyu."

"Tim'goneka," ndinatero.

Anakhala pa benchi akundiyang'ana ndikumasula tizitsulo. Kreti inali pa njinga, pamalo pake. Sindinam'funsepo kuti tsiku lija mabotolo aja anabwera nawo chifukwa cha chizolowezi kapena chifukwa china, ndipo sindinkafuna kufunsa. Anayamba yekha, nkhope ili gwa, monga mmene ndimachitira ine.

"Mukudziwa, tsiku la mayeso a alamu lija ndinadzaza mabotolo onse. Osathira madzi ngakhale dontho."

Ndinadikira pang'ono. Iye sanamwetulire. Kenaka ndinaseka, chifukwa mmodzi wa ife anayenera kuseka, ndipo kasikuluwu kanandipulumuka m'manja n'kugwera m'fumbi.